ZA PA BANJA: Thupi la Mayi, Malaya a Mwana ndi Maso a Anthu



Mwezi uno ndifuna tikambirane zinthu ziŵiri zimene ambiri amaziyesa zosiyana, koma zimene ine ndiona kuti zimamera pa muzu umodzi. Choyamba ndi chisoni cha mayi wachitsikana amene, atachira, amayang'ana thupi lake nachita nalo manyazi. Chachiŵiri ndi chizoloŵezi chathu chovundikira khanda ndi zovala zambirimbiri zokongola, ngakhale kunja kukutentha ngati m'ng'anjo. Muzu wa zonsezi ndi maso a anthu. Mayi afuna anthu anene kuti sakuoneka ngati wabereka. Afunanso anene kuti mwana wake wavala zodula. Pofuna kukondweretsa maso amenewo, iye amadzimana chakudya, ndipo mwana amasenzetsedwa nsalu. Aŵiriŵa amavutika usiku wonse, eni maso aja atapita kwawo kukagona.

Thupi lagwira ntchito yaikulu

Tiyambe ndi masamu, monga timachitira m'kalasi. Mayi wa thupi labwinobwino amaonjezera makilogalamu 11 mpaka 16 pa miyezi isanu ndi inayi imene ali woyembekezera. Pa tsiku lochira amatula makilogalamu 5 kapena 6 okha: mwana wolemera ngati makilogalamu 3, nsengwa, madzi a nsupa ndi magazi. Nanga otsalawo ali kuti? Ena ali m'magazi, pakuti magazi a mayi woyembekezera amachuluka pafupifupi ndi theka. Ena ali m'maŵere ndi m'chiberekero. Ndipo ena ndi mafuta a m'chiuno ndi m'ntchafu. Mafuta ameneŵa sabwera chifukwa cha ulesi kapena dyera. Ndi nkhokwe imene thupi linamanga dala, kuti mwana akadzayamba kuyamwa padzakhale potapa.

Chiberekero nacho, mwana atangobadwa, chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo chimamveka cholimba pafupi ndi mchombo. Chimafota pang'onopang'ono, kotero kuti pakutha pa masabata asanu ndi limodzi sichipitiriranso magalamu 100. Kupotokola kwa m'mimba kumene mayi amamva poyamwitsa masiku oyamba ndiko kufota kumeneku, pakuti mwana akamayamwa amathandiza chiberekero kubwerera m'malo mwake. Minofu ya pamimba inatambasuka, mwinanso kupatukana pakati, ndipo imafuna miyezi ingapo kuti igwirane. Mizere ya pamimba ndi ya pamaŵere imazilala ndi nthaŵi, koma siifafanizika kotheratu, ngakhale mutadzola mafuta a mtengo wotani. Tsitsi limathothoka cha pa mwezi wachitatu kapena wachinayi, kenaka limameranso. Munda umene wangokololedwa suoneka ngati munda wa m'mwezi wa Januwale, koma palibe mlimi wanzeru amene amautukwana.

Ife a zaka zopitirira makumi asanu taona muyeso wa kukongola ukusinthasintha. Tili ana, mayi wonenepa ndiye ankatamandidwa kuti ali pa banja labwino. M'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inali kupulula anthu mankhwala otalikitsa moyo asanafike, mayi aliyense woonda ankanong'onedwa pachitsime. Lero muyeso watembenuka, ndipo atsikana athu amaupeza pa foni, m'zithunzi za akazi a m'mizinda amene amaonetsa mimba yaphwa patangopita masabata atatu atabereka. Chimene chithunzi sichinena ndi lamba wothina amene ali kunsi kwa diresi, wantchito amene akulera mwanayo, ndi makina amene asalaza chithunzicho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tinakula pansi pa lamulo la 1973 limene linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo lamulolo linachotsedwa pamene dziko linali kuloŵa m'ndale za zipani zambiri. Wapolisi woyeza siketi anachoka, koma wabwera wina woyeza chiuno, ndipo ameneyu timayenda naye m'manja mwathu.

Masabata asanu ndi limodzi oyamba

Makolo athu anali ndi mwambo wa chikuta: mayi ndi khanda ankakhala m'nyumba kufikira mchombo utagwa, amayi ena akuŵaphikira ndi kuŵatungira madzi. M'buku la Levitiko, mutu 12, mayi wobereka mwana wamwamuna anapatulidwa masiku makumi anayi. A chipatala nawo amaŵerenga masabata asanu ndi limodzi, ndiwo masiku 42, ngati nthaŵi imene thupi likuchira. Si chinthu chodabwitsa kodi kuti agogo athu, Aisraele akale ndi madokotala a lero onse agwirizana kuti mayi wongobereka ayenera kupumula?

Koma taonani zimene zikuchitika m'midzi yathu. Pa tsiku lachinayi mayi ali kale kumjigo. Ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi imalemera makilogalamu 20, ndipo kulemera konseko kumatsikira pa minofu ya kunsi imene yangotambasuka kumene pobereka. Ena pa sabata yachiŵiri ali m'madzi kuokera mpunga, ena akukumba chinangwa, ena akusinja. Zotsatira zake zimaoneka patapita zaka: msana wosapola, mkodzo wodontha potsokomola, ndipo kwa ena chiberekero chotsika. Mayi amene wachira ndi opaleshoni asanyamule kanthu kolemera kuposa mwana wake kufikira masabata asanu ndi limodzi atakwana, ndiponso a chipatala atamuona.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti mayi ndi khanda aonedwe ndi anamwino kanayi: m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa masabata asanu ndi limodzi. Ulendo wotsirizawu umagwirizana ndi tsiku la katemera wa mwana kusikelo. Amayi anzanga, pa tsikulo musangoyezetsa mwana ndi kubwerera. Nenani kuti nanunso muonedwe.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kucha: kutaya magazi ambiri mpaka kunyoŵetsa nsalu ziŵiri kapena zitatu m'kanthaŵi kochepa, kutentha thupi, zotuluka zonunkha, mutu waukulu pamodzi ndi kusaona bwino, kukomoka, kubanika, ndi kutupa kopweteka kwa mwendo umodzi. Mukaona chimodzi mwa izi thamangirani ku chipatala chapafupi, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu cha ku Karonga musazengereze pofuna kuyamba mwamva maganizo a abale onse.

Za kuthoŵa pamimba ndi madzi otentha ndi kumanga pamimba ndi chitenje, ndinene mwachidule. Madzi ofunda amatsitsimula thupi, koma madzi oŵira amaotcha khungu, ndipo pa bala la opaleshoni asafikepo. Chitenje chomanga mofatsa chimapatsa ena mpumulo poyenda, koma sichisungunula mafuta. Mukachithinitsa kwambiri chimakankhira zam'kati pansi, kumene kuli kofooka kale.

Mayi woyamwitsa asadzimane chakudya

Mayi amene akuyamwitsa mwana mwakathithi amatulutsa mkaka wokwana ngati mamililita 750 pa tsiku, ndiwo mabotolo aŵiri ndi theka a Fanta. Mkaka umenewu umapangidwa ndi zimene mayi wadya ndi zimene thupi lake linasunga. N'chifukwa chake a zaumoyo amati woyamwitsa aonjezere chakudya pamwamba pa chimene ankadya kale. Mayi akayamba kudumpha nsima kuti aphwe mimba, woyamba kufooka ndi iye mwini: chizungulire, mtima wothamanga, kukwiya msanga ndi kuchepa kwa magazi.

Boma limatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo kuno ku Karonga onsewo tili nawo pakhomo. Zokhutitsa ndi kondowole, mpunga, nsima ya chimanga ndi nthochi. Zochokera ku nyama ndi usipa, mazira ndi chambiko. Za m'gulu la nyemba ndi nyemba zimene, nandolo ndi mtedza. Masamba ndi chigwada, bonongwe ndi nkhwani. Zipatso ndi mango, mapapaya ndi magwafa. Mafuta tiŵapeza mu nsinjiro, m'mapeyala ndi m'mafuta ophikira. Tikumbukire kuti kondowole amakhutitsa koma alibe zomanga thupi zokwanira. Mphamvu yake ili mu ndiwo zimene wayenda nazo. Usipa wodyera limodzi ndi minga yake umalimbitsa mafupa. Mapiritsi oonjezera magazi amene anamwino akupatsani mumalize onse, ndipo tiyi musamwere pamodzi ndi chakudya, chifukwa amatsekereza thupi kutenga zopangira magazi.

Chenjerani ndi amalonda a tiyi wochepetsa thupi ndi mapiritsi opanda dzina. Ambiri mwa mankhwala otere amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, motero chimene chimachoka ndi madzi, amene mayi woyamwitsa akuŵasoŵa kwambiri m'dziko lotentha ngati lathu. Chimodzimodzi mafuta oyeretsa khungu: ena mwa iwo ali ndi poizoni wotchedwa mercury, amene amaloŵa m'magazi nafika ndi mumkaka momwe. Ngati pali choti muchepetse, chepetsani shuga, zakumwa za m'mabotolo ndi zokazinga za pamsika. Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo apitirize kuyamwa, akudya zina, kufikira zaka ziŵiri kapena kupitirira. Thupi lidzatsika lokha pa liŵiro lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kutopa ndi ntchito sikulimbitsa minofu yonse

Ena adzati: mayi wa kumudzi amalima, amatunga, amasenza nkhuni, afunanso maseŵera olimbitsa thupi a chiyani? Funsoli n'lomveka. Zoona, mayi wotere safuna kuthamanga pa bwalo la sukulu. Koma pali minofu ina imene khasu ndi ndowa zimaifooketsa m'malo moilimbitsa, ndiyo minofu ya kunsi imene imagwira chikhodzodzo ndi chiberekero.

M'chaka cha 1948 dokotala wa ku America, Arnold Kegel, anafalitsa njira yolimbitsira minofu imeneyi, ndipo anamwino akuiphunzitsabe kufikira lero. Finyani kunsi monga muchitira pofuna kugwira mkodzo, ŵerengani pang'onopang'ono mpaka zisanu uku mukupuma bwinobwino, kenaka masulani. Chitani kakhumi, katatu pa tsiku. Mungathe kuchita mukuyamwitsa kapena mukusankha mpunga, popanda wina kudziŵa. Musazichite pamene mukukodza. Pakapita miyezi iŵiri kapena itatu ambiri amaona kusintha.

Za pamimba, yambani ndi zofatsa. Gonani chagada mutapinda maondo, tulutsani mpweya uku mukukokera mchombo m'kati, gwirani pang'ono, masulani. Podzuka pamphasa, yambani mwatembenukira cham'mbali ndi kudzikankha ndi dzanja, osadzuka mowongoka ngati msilikali. Ponyamula mwana kapena mphika pindani maondo, msana ukhale woongoka. Kuyenda ndawala kumathandiza magazi ndi mtima womwe. A WHO amati mayi amene wachira bwino afike pang'onopang'ono pa mphindi 150 pa sabata, ndiko kuti theka la ola pa masiku asanu. Izi zikhudza makamaka anzathu a ntchito zokhala pansi, a m'maofesi, a m'masitolo ndi osoka pa makina.

Koma mkodzo kapena chimbudzi zikamatuluka kosalekeza usana ndi usiku pambuyo pa kubereka kovuta, ameneyo ndi fistula, bala la m'kati limene maseŵera sangalipoletse. Si temberero, ndipo limachizika ndi opaleshoni. Ku Bwaila mu Lilongwe kuli malo ochizira vuto limeneli, ndipo a chipatala cha boma amadziŵa njira yotumizira odwala. Mayi wotere asabisidwe kuseri kwa nyumba.

Thupi lifunanso mpata. A zaumoyo amalangiza kuti papite zaka ziŵiri mwana atabadwa mayi asanatenge pathupi pena. Nkhani imeneyi ndi ya anthu aŵiri, ndipo pa ulendo wa masabata asanu ndi limodzi uja bambo ndi mayi akafunsire limodzi za kulera.

Mau kwa abambo ndi kwa apongozi

Tsono ndilankhule ndi inu abambo, mwaulemu koma mosabisa. Manyazi ambiri amene amayi achitsikana ali nawo sanaŵatole pa foni pokha. Ena anaŵamva pakamwa panu. Kamau koseka nako pa nthaŵi ya nsima, koti mkazi wafutukuka ngati thumba la chimanga, kapena koti wakalamba, inu mumakaiŵala musanasambe m'manja, koma iye amagona nako. Mimba imene mukuinyozayo ndiyo inasunga mwana amene mukunyadira kuti wafanana nanu. Pamene munaimirira pamaso pa mpingo simunalonjeze kukonda chiuno cha tsiku la ukwati; munalonjeza kukonda munthu. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ana anu adzalemekeza mayi wawo monga momwe aonera inu mukumlemekeza.

Chikondi cha masiku ameneŵa chimaoneka pa ndowa ndi pa nkhuni. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha masabata osachepera asanu ndi atatu akachira, ndipo kuyambira 2021 limapatsanso bambo masabata aŵiri. Masabata aŵiriwo sanaperekedwe kuti mukaonere mpira. Ndipo inu alimi ndi asodzi amene mulibe bwana wokupatsani tchuthi, dzipatseni nokha: njinga imene imanyamula matumba a mpunga ingathenso kunyamula zigubu za madzi.

Inu apongozi ndi alamu, musayerekeze mtengwa wanu ndi mmene inu munachitira. Mwina inu munapita kumunda pa tsiku lachitatu, koma kumbukiraninso msana umene mukudandaula nawo lero.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchitchula. Amayi ambiri amalira popanda chifukwa masiku oyamba, ndipo zimatha zokha sabata ziŵiri zisanakwane. Koma chisoni chikapitirira, mayi osagona ngakhale mwana atagona, osafuna kudya, osakondwera ndi khanda lake, kapena akuganiza zodzipweteka, ameneŵa ndi matenda a maganizo. A WHO amati m'maiko ongotukuka kumene amagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse ongobereka. Mayi wotere sanalodzedwe, ndipo chikhulupiriro chake sichinachepe. Mpempherereni, inde, koma mperekezeninso kuchipatala. Kuno kumpoto a St John of God ku Mzuzu amathandiza odwala matenda a maganizo.

Kuveka khanda m'dziko lotentha

Tibwere kwa mwana. Khanda longobadwa silitha kusunga kutentha kwa thupi lake monga wamkulu, ndipo kutentha kwambiri kumathaŵira kumutu. N'chifukwa chake anamwino amati lipukutidwe msanga, liikidwe pa chifuwa cha mayi khungu ndi khungu, livekedwe kachisoti, ndipo lisasambitsidwe kufikira patapita maola 24. Muyeso wake ndi wapafupi: khanda livale chovala chimodzi kapena ziŵiri kuposa zimene inu mwavala. Mchombo ukhale wouma ndi waukhondo, thewera limangidwe kunsi kwake, ndipo pasapakidwe phulusa, mafuta kapena china chilichonse kupatula mankhwala amene a chipatala apereka.

Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wosafika makilogalamu 2.5, chovala choposa zonse ndi chifuwa cha mayi wake. Njira ya kangaroo inayamba m'chaka cha 1978 mu mzinda wa Bogotá ku Colombia, pamene Dr Edgar Rey anaona kuti makina ofunditsira ana ndi ochepa. Kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999. Mwana amavala thewera, kachisoti ndi masokosi okha, namangiriridwa pa chifuwa ndi chitenje. Bambo nayenso angathe kumfungata chomwecho kuti mayi apumeko. Taonani, chimene chapulumutsa ana ofooka ambiri ndi chitenje wamba chimene aliyense ali nacho.

Koma mwana akakula miyezi ingapo, vuto lathu kuno limakhala kufunditsa mopitirira. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene ife akulu tikudzikupiza ndi mabuku a nyimbo, mumaona khanda litavala juzi, chisoti cha ubweya, masokosi, litakulungidwa mu shawelo, pamwamba pake bulangete lokhuthala lamaluŵa. Mwana akulira, mayi akuganiza kuti ndi njala kapena m'mimba. Pisani dzanja pa chifuwa kapena pa khosi kumbuyo: mukapeza thukuta, chotsani chovala chimodzi. Musayese ndi manja kapena mapazi, chifukwa kaŵirikaŵiri amakhala ozizirirapo. Zidzolo zofiira za m'khosi, m'khwapa ndi kumsana zimabwera chifukwa cha thukuta losoŵa potulukira. Nkhope ya mwana isaphimbidwe ndi bulangete, kaya ali kumsana kaya wagona, ndipo pogona mgonekeni chagada m'neti yoteteza udzudzu. Kukatentha, wosakwana miyezi isanu ndi umodzi musampatse madzi, muyamwitseni pafupipafupi. Juzi isungireni Juni ndi Julayi, pamene mwera ukuomba kuchokera kunyanja.

Mwana akatentha thupi musamuunjikire zofunda poganiza kuti atuluke thukuta. Mvuleni zolemera, ndipo pitani naye kukayezetsa malungo tsiku lomwelo. Ngati sanakwane miyezi iŵiri, nyamukani nthaŵi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Pa mulu wa kaunjika ndi pa chingwe choyanikira

N'chomvetsa chisoni kuti ife a dera limene limalima thonje ndife amene tikuveka ana athu nailoni. Nsalu ya thonje imamwa thukuta ndi kupitisa mphepo. Nailoni imasunga kutentha, ndipo ikagwira moto imasungunuka n'kumatirira pa khungu. Mwana woyenda amaseŵera pafupi ndi mafuwa ndi mbaula, tsono diresi lotambalala la nailoni ndi msampha. Kale amayi ankagula nsalu ya ku David Whitehead nasokera ana awo madiresi ndi akabudula kwa telala wa pakhonde la sitolo. Lero ambiri timadalira kaunjika, pamodzi ndi zitenje zobwera kudzera pa Songwe. Kaunjika si woipa, watithandiza ambiri. Koma zovala zake zambiri zinasokedwera maiko a chisanu, ndiye pafunika kusankha ndi nzeru.

Posankha, khudzani nsalu ndi dzanja, mutenge yofeŵa ndi yopepuka. Yang'anani mabatani ndi mikanda yosalimba, pakuti mwana amaika chilichonse m'kamwa. Zingwe za m'khosi zichotseni. Lasitiki akasiya chidindo pa mimba kapena pa ntchafu, ndiye kuti wathina. Chovala chilichonse chichapidwe ndi kusitidwa mwana asanachivale.

Kusita si kunyada. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa dothi lonyoŵa ndi mkodzo, ndiponso pa zovala zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mazirawo akaswa, timphutsi timaboola khungu la mwana n'kupanga zotupa zonga zithupsa. Yanikani matewera ndi malaya pa chingwe, padzuŵa, ndipo muzisite ndi simbi yotentha, makamaka m'misoko. Amene mumagula matewera otaya, musamsiye mwana ndi thewera limodzi tsiku lonse pofuna kupulumutsa ndalama, chifukwa mudzazilipira pa zilonda. Ndipo musaŵataye kunyanja kapena m'tchire. Madzi amenewo ndi omwe ana athu amasambamo.

Mwana akayamba kuyenda panja, tinsapato tapafupi tiposa suti. Njoka zina za m'mimba zimene zimayamwa magazi zimaloŵera ku mapazi pa dothi loipitsidwa, ndipo matekenya nawo amakonda zala zosavala. Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi, gulani nsapato yokwana bwino, osati yaikulu ya chaka chamaŵa imene idzamgwetsa, kapena yothina imene idzampinda zala.

Monga mphunzitsi wa makalasi aang'ono, ndiwonjezepo ichi. Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi ayambe kuphunzira kudziveka yekha, ndipo zovala zake zimlole kutero. Ana ambiri a Sitandade 1 amadzinyoŵetsa chifukwa cha malamba, zipi ndi mabatani akumbuyo amene zala zawo sizingathe kumasula pa nthaŵi yake. Anzawo akaŵaseka, maŵa lake amakana sukulu, makolo osadziŵa chifukwa. Kabudula wa lasitiki amateteza ulemu wa mwana kuposa lamba wonyezimira. Ndipo pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, boma linanenanso kuti yunifolomu isakhale chifukwa chobwezera mwana kunyumba. Mwana abwere ndi chimene ali nacho, bola chikhale chochapa.

Tisafulumirenso kusandutsa tiana tathu akuluakulu. Kamtsikana ka zaka zinayi sikasoŵa nsapato zazitali, zodzola pamilomo kapena tsitsi loluka mothina mpaka khungu kutupa. Kasoŵa diresi loti kathamange nalo ndi kukwera mu mtengo wa mango. Kumbukirani kuti kamtsikana kameneka kamamva zonse zimene mayi wake amanena akaima pa kalilole. Kakamva tsiku ndi tsiku mayi akunyoza mimba yake, bambo akuseka, nakonso kadzakula kakudana ndi thupi lake. Mmera mpoyamba.

Pa 1 Samueli 2 timaŵerenga za Hana, amene chaka ndi chaka ankasokera Samueli kamwinjiro napita nako ku Silo. Kanali kamodzi pa chaka, kosokedwa ndi manja a mayi wodziŵa msinkhu wa mwana wake. Ndalama imene timathera pa suti ya tsiku la ubatizo, imene mwana adzaivala kaŵiri basi, ingathe kugula mazira ndi usipa wa mayi woyamwitsa kwa masabata angapo. Ubatizo suyang'ana mtengo wa shawelo.

Choti tichite

Mutu umodzi susenza denga. Ndipempha amayi a Umanyano kuno ku Sinodi ya Livingstonia, pamodzi ndi anzathu a Chigwirizano ndi a Mvano, kuti m'dera lililonse tikhale ndi mndandanda wa amayi amene achira kumene. Tigaŵane masiku: uyu atunge madzi Lolemba, uyu achape Lachitatu, uyu abwere ndi ndiwo Lachisanu, kufikira masabata asanu ndi limodzi atakwana. Tikhalenso ndi bokosi la tizovala ta thonje timene ana athu asiya, tochapa ndi tosita, toti tizibwerekana. Ndipo tikapita kukaona mwana, tisanayambe kuyamikira shawelo, tiyambe tafunsa mayiyo ngati wadya, ngati wagona, ndi ngati magazi aleka.

Kwa iwe mwana wanga amene wachira chaka chino, idya, puma, pita kusikelo, ndipo mwana umveke monga mwa nyengo ya kwanu. Thupi lakolo lagwira ntchito yolemekezeka, ndipo lidzakunyamula zaka zambiri ngati ulisamala tsopano.